Anyani a chifu ngati cha mbuzi: zimene mafupa akale akutiuza

Aliyense amene anathandizapo kutumbula mbuzi amachidziwa chifu chake. Si thumba limodzi ayi. Chili ndi zipinda, china chaubweyaubweya ngati chopukutira, china cha timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo mukachiboola mumatuluka chipwidza chobiriwira, chofunda, cha fungo lowawasa. Fungo limenelo ndi la ntchito ya mabakiteriya. Mbuzi payokha singagaye udzu. Imaumeza n'kuupereka kwa tizilomboti, ito n'kumauwoletsa, mbuziyo n'kumakhala ndi moyo ndi zimene tatulutsa.

Pali banja la anyani limene matupi awo anafika pa njira yomweyi. Mu Africa amatchedwa colobus, ku Asia ambiri amatchedwa langur, ndipo asayansi amawaphatikiza onse pa dzina loti Colobinae. Alipo akuda a ubweya woyera wolendewera m'mapewa amene amakhala m'nkhalango za mapiri a Rungwe kumwera kwa Tanzania, ofiira a ku Zanzibar, a mphuno yaikulu yolendewera a pachilumba cha Borneo, ndi a mphuno yophwatalala a ku Yunnan m'dziko la China amene amakhala m'mapiri ozizira mpaka kupitirira mamita 4,000, kumadya ndere za m'mitengo nyengo ya chipale. Pusi, nchima ndi nyani wa m'mapiri amene timawadziwa kwathu kuno ndi a nthambi ina. Iwo ali ndi chifu cha chipinda chimodzi ngati chathu, ndipo ali ndi matumba m'masaya. Mukaona pusi akuthawa m'munda wa chimanga masaya ali tutumu, ndi matumba amenewo. Colobus alibe matumba otero. Chuma chake chili m'mimba: chifu cha zipinda zitatu kapena zinayi, cham'tsogolo chodzaza mabakiteriya amene amaphwanya ulusi wa masamba komanso kufooketsa ululu umene mitengo yambiri imaika m'masamba ndi m'njere zake. Ku Jozani, ku Zanzibar, colobus ofiira amatola makala pamalo pamene anthu anawotcha mitengo n'kumawatafuna, chifukwa makala amayamwa mankhwala owawa a m'masamba a mango ndi a mitengo ina imene amadya.

Zizindikiro zina ziwiri zimaoneka ndi maso. Choyamba ndi dzanja. Colobus wa mu Africa alibe chala chamanthu, pamangokhala kachotupa, ndipo dzina lakelo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu chodulidwa. Zala zinayi zotsalazo n'zazitali, zimakola nthambi ngati mbedza iye akamalumpha. Abale ake a ku Asia chalacho ali nacho, koma n'chachifupi. Chachiwiri ndi mano otafunira. Dzino lililonse lili ndi mizere iwiri yopingasa, ngati mizere ya m'munda, ndipo mizere ya mano apamwamba imalowa m'makwawa a mano apansi. Pusi nayenso ali nayo mizereyi koma yake ndi yofupika ndi yobuntha, yoyenera kuphwanya zipatso. Ya colobus ndi yaitali ndi yakuthwa, imasenga tsamba ngati sizasi.

Mukamuyang'ana nyani ameneyu lero, zonsezi zimaoneka ngati zinabwera limodzi: amakhala m'mwamba, amadya masamba, ndiye ali ndi chifu, mano ndi dzanja zoyenerera moyo umenewo. Mafupa akale akunena zosiyana, ndipo ichi ndicho chimandikoka pa nkhani imeneyi. Zizindikirozi zinabwera chimodzichimodzi, motalikirana zaka mamiliyoni, ndipo ambiri a m'banjali sanali anyani a m'mitengo n'komwe.

Vuto lake n'lakuti chifu chimawola. Chimene chimatsala ndi mano, chifukwa ndiwo olimba kuposa china chilichonse m'thupi, kenako nsagwada, ndipo mwa mwayi chigaza kapena mafupa a miyendo. Nyama ikafera m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja n'kukwiririka msanga ndi matope, mchere wa m'nthaka umalowa m'mafupamo pang'onopang'ono mpaka amasanduka mwala. Kum'mawa kwa Africa kuli mwayi wina. Mapiri ophulika a m'chigwa chachikulu cha Rift Valley ankamwaza phulusa nthawi ndi nthawi, ndipo m'phulusa limenelo muli timiyala tokhala ndi potaziyamu amene amasanduka mpweya wa argon pa liwiro lodziwika. Akatswiri akayeza phulusa la pansi pa fupa ndi la pamwamba pake, amadziwa kuti fupalo lili pakati pa zaka ziti. Zaka zambiri zimene nditchule pano zinapezeka motero.

Nkhani imayambira pafupi ndi ife kuposa mmene ambiri angaganizire. M'chigwa cha Rukwa, kumwera chakumadzulo kwa Tanzania, gulu la Nancy Stevens linapeza kachidutswa ka nsagwada kokhala ndi dzino limodzi, ka zaka 25.2 miliyoni. Analengeza mu 2013 n'kukatcha Nsungwepithecus, ndipo ndiko kachizindikiro kakale kwambiri ka mzere wonse wa anyani a michira a mu Africa ndi Asia. Ku Nakwai, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana ku Kenya, kunapezeka nsagwada za zaka 22 miliyoni za nyani wotchedwa Alophe, dzina lotanthauza kuti wopanda mizere: mano ake anali ndi nsonga zokhazokha, mizere ija isanalumikizane. Kenako pachilumba cha Maboko m'nyanja ya Victoria pali Victoriapithecus wa zaka pafupifupi 15 miliyoni, amene mano ndi mafupa ake anapezeka ochuluka zedi. Iye anakhalako colobus ndi pusi asanasiyane njira, kapena ali pamphambano penipeni. Mizere ya mano ake inali itayamba koma isanakwane. Kale akatswiri ambiri ankaganiza kuti kholo la anyani onsewa linali la nkhope yaifupi yobulungira ngati colobus, lodya masamba m'mitengo. Brenda Benefit ndi Monte McCrossin atafukula chigaza chathunthu ku Maboko, chimene anachifotokoza mu 1997, chinapezeka cha nkhope yaitali, ndipo mano ndi miyendo zinaonetsa nyani wodya zipatso zolimba amene ankathera nthawi yambiri pansi. Ndiye kuti mizere ya mano sinayambe chifukwa cha masamba.

Colobus woyamba kudziwika ndi mano awiri okha. Anapezeka ku Kabasero m'mapiri a Tugen ku Kenya, m'miyala ya zaka 12.5 miliyoni, ndipo James Rossie, Christopher Gilbert ndi Andrew Hill anawafotokoza mu 2013. Mano awiri angaoneke ngati umboni wochepa, koma kapangidwe kake n'ka banja limeneli, ndipo nsonga zake n'zofupikirapo kuposa za colobus wa lero, kusonyeza nyama imene masamba sanali chakudya chake chachikulu.

Wotsatira ndi Microcolobus, kanyani ka makilogalamu anayi kapena asanu. Nsagwada yake inapezeka koyamba m'mapiri omwewo a Tugen, koma umboni waukulu unachokera ku Nakali, kumene gulu la akatswiri a ku Japan ndi Kenya linafukula mafupa a thupi a zaka pafupifupi 9.8 miliyoni. Masato Nakatsukasa ndi anzake atawafotokoza mu 2010, zinaoneka kuti kanyanika kankayenda m'nthambi, koma chala chake chamanthu chinali chathunthu. Mano a colobus, moyo wa m'mitengo, dzanja la zala zisanu.

Amene amadziwika bwino kuposa onse si wa mu Africa, ndipo mmene anapezekera n'zochititsa chidwi. M'zaka za m'ma 1830 dziko la Greece linkalamulidwa ndi mfumu Otto, mwana wa mfumu ya ku Bavaria, ndipo kunali asilikali a ku Bavaria. Mmodzi wa iwo anatola mafupa m'khwawa la Pikermi, pafupi ndi Athens. M'mabowo a mafupawo munali timiyala tonyezimira, iye n'kuganiza kuti ndi dayamondi, ndipo anapita nawo kwawo ku Munich. Timiyalato sitinali dayamondi, koma katswiri wa zinyama Johann Andreas Wagner anaona chinthu choposa pamenepo: chidutswa cha nsagwada ya nyani. Mu 1839 anamutcha Mesopithecus pentelicus, potengera phiri la Pentelikon limene lili pamwamba pa malowo. Apa n'kuti kudakali zaka 20 kuti Charles Darwin atulutse buku lake la chisinthiko cha zamoyo. Pambuyo pake Mfalansa Albert Gaudry anakumba ku Pikermi mu 1855 ndi 1856, n'kubwereranso mu 1860, ndipo anapeza mafupa okwanira kulumikiza thupi lonse la nyaniyu, pakati pa mafupa a akavalo a zala zitatu, zipembere, akadyamsonga akale ndi agwape ambirimbiri. Miyala ya ku Pikermi ndi ya zaka zopitirira pang'ono 7 miliyoni.

Taganizirani anzake amene anakwiririka nawo. Akavalo ndi agwape si nyama za m'nkhalango yowirira. Mafupa a Mesopithecus akugwirizana nazo: mikono ndi miyendo yake n'zolimba, zala n'zazifupi kuposa za colobus wa m'mitengo, ndipo chigongono ndi chidendene n'za nyama imene inkatha kukwera koma inkayendanso pansi mosavutika, monga amachitira langur wa ku India amene amayendayenda m'makachisi. Chala chamanthu chinalipo, chachitali kuposa cha abale ake a lero. Thupi lotere limafika kutali. Mafupa ake apezeka ku Bulgaria, ku North Macedonia, ku Italy, ku Maragheh m'dziko la Iran ndi ku Molayan ku Afghanistan. Mu 2020 Nina Jablonski, Ji Xueping ndi anzawo analengeza nsagwada, fupa la ntchafu ndi fupa la chidendene za mtundu womwewu zochokera mumgodi wa malasha wa Shuitangba ku Yunnan, za zaka 6.4 miliyoni. Mtundu umodzi wa nyani, kuchokera ku Greece mpaka ku China.

Nanga ankadya chiyani? Pano akatswiri amagwiritsa ntchito njira imene ndimaikonda chifukwa n'njosavuta kuimvetsa. Chakudya chimasiya zipsera pa dzino. Tsamba likamasengedwa limasiya timikwingwirima tatitali toyenda mbali imodzi, ngati mpeni wonoledwa pamwala. Njere yolimba ikamaswedwa imasiya timaenje ndi malo okumbika. Zipserazi zimafufutika n'kulembedwanso m'masiku ochepa, choncho dzino la nyama yakufa limasunga mbiri ya zimene inadya m'masabata ake omaliza. Gildas Merceron ndi anzake atayang'ana mano a Mesopithecus pa makina okulitsa zinthu, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2009, anapeza zipsera za nyama yodya njere ndi zipatso zolimba, osati ya masamba okhaokha.

Umboni umenewu ukulimbikitsa ganizo limene ine ndimaliona kuti n'lomveka kwambiri: colobus anayamba ndi njere, masamba anabwera pambuyo. Njere ndi zipatso zosapsa zili ndi mavuto ofanana ndi a masamba. N'zolimba kudula, ndipo mtengo umaziteteza ndi mankhwala owawa kapena akupha. Mano a mizere amazidula, chifu cha mabakiteriya chimafooketsa ululuwo. Nyani amene angadye chipatso chisanapse amafika pamtengo anzake onse asanabwere. Akakhala nazo zida zimenezi, masamba amasanduka nkhokwe ya nthawi ya njala, ndipo mibadwo ikamapita nkhokweyo imasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ngakhale lero colobus wakuda wa m'nkhalango za Cameroon ndi Gabon amadya njere zambiri, m'malo ena kuposa masamba.

Ku Ulaya banjali linapitirira ndi Dolichopithecus wa nkhope yaitali, amene anapezeka koyamba ku Perpignan ku France, ndipo achibale ena anafika ku Mongolia, ku Siberia cha ku nyanja ya Baikal, ngakhale ku Japan. Onsewo anatha.

Koma kumene banjali linachulukana modabwitsa ndi kuno ku Africa, pakati pa zaka 5 miliyoni ndi 1.5 miliyoni zapitazo. Ku Aramis m'dziko la Ethiopia, pamalo pamene panapezeka Ardipithecus ramidus wa zaka 4.4 miliyoni, mmodzi wa makolo akale a mzere wa anthu, mafupa a colobus wotchedwa Kuseracolobus ndi ena mwa ochuluka kwambiri pa nyama zonse. Kuchuluka kwake ndi umodzi mwa maumboni amene gulu la Tim White linagwiritsa ntchito ponena kuti Ardipithecus ankakhala m'dera la mitengo osati m'chigwa cha udzu. Pafupi ndi nyanja ya Baringo ku Kenya kunapezeka mafupa pafupifupi athupi lonse a Paracolobus chemeroni, amene Richard Leakey anamufotokoza mu 1969, nyani wa zaka pafupifupi 3 miliyoni wolemera makilogalamu oposa 30. Colobus wamphongo wakuda ndi woyera wa lero nthawi zambiri amalemera makilogalamu 10 kapena kupitirira pang'ono. Kunali Rhinocolobus, amene Meave Leakey anamutcha dzina mu 1982, wamkulu nayenso, wa nkhope yaitali, wokhala m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja ya Turkana. Ndipo kunali Cercopithecoides, wopezeka m'mapanga a Makapansgat ndi Sterkfontein ku South Africa mpaka ku Olduvai ku Tanzania ndi Koobi Fora ku Kenya, amene miyendo yake inali ya nyama yoyenda pansi ngati nyani wa m'mapiri. Mano a akuluakulu a mtundu umenewu amapezeka operepeseka kwambiri, monga amachitira mano a nyama yodya chakudya chosakanikirana ndi fumbi ndi mchenga.

Pa Cercopithecoides yemweyu ndi pamene nkhani ya chala imafika pachimake. Ku Koobi Fora kunapezeka mafupa a thupi a nyani mmodzi wa zaka pafupifupi 1.9 miliyoni, amene ku nyumba yosungira zakale ya ku Nairobi ali pa nambala KNM-ER 4420. Stephen Frost ndi anzake anayeza timafupa ta m'chikhatho mwake n'kulengeza mu 2015 kuti fupa la patsinde pa chala chamanthu linali lalifupi mofanana ndi la colobus wa mu Africa wa lero. Ndiwo umboni wakale kwambiri wa dzanja lotere. Chodabwitsa n'chakuti mwini dzanjalo ankayenda pansi, kumene chala chamanthu chimathandiza kutola tinthu, monga mmene nyani wa m'mapiri amatolera njere za udzu. Kufotokoza kwake n'kwakuti makolo ake anataya chalacho ali m'mitengo, iye n'kutsika pansi nalo dzanja lotengera kumtundu. Chimene chatayika pa chisinthiko sichibwerera chifukwa choti chafunikanso. Ndipo popeza Microcolobus ndi Mesopithecus anali nacho chalacho, kufupika kwake kunachitika banjali litakhalapo kale zaka mamiliyoni.

Chifu chija, ngakhale sichisiya fupa, chili ndi mboni zake. Colobus onse a mu Africa ndi langur onse a ku Asia ali nacho, kutanthauza kuti kholo lawo limodzi linali nacho asanapatukane, ndipo kuyerekeza kwa DNA, zinthu za m'thupi zimene mwana amatengera kwa makolo, kumaika kupatukanako cha pakati pa zaka 10 ndi 12 miliyoni zapitazo. Zimenezi zikugwirizana ndi mafupa: mano a ku Kabasero ndi akale kuposa nthawi imeneyo, Mesopithecus akuoneka ku Ulaya pambuyo pake. Mboni ina ili m'madzi a m'chifu. Nyama zambiri zili ndi puloteni yotchedwa lysozyme m'misozi ndi m'malovu, imene imaswa mabakiteriya poteteza thupi. Ng'ombe imaigwiritsa ntchito m'chifu kugaya mabakiteriya amene yaweta, kuti ipeze chakudya chimene chili mwa iwo. Mu 1987 Caro-Beth Stewart, Allan Wilson ndi mnzawo wina ku Berkeley anaonetsa kuti lysozyme ya langur inasintha m'malo asanu mofanana ndendende ndi ya ng'ombe, ngakhale nyani ndi ng'ombe si pachibale chapafupi. Vuto limodzi linabala yankho limodzi kawiri.

Chifu chimenechi ndicho chikufotokoza mmene nyani wa ku Africa anadutsira madera a nyengo yozizira ndi ya chilimwe chachitali, kumene zipatso zakupsa zimasowa miyezi yambiri. Pa nthawi imene Mesopithecus ankafalikira, anyani akuluakulu opanda michira amene ankadalira zipatso anali kutha ku Ulaya. Iye anali ndi njere, makungwa ndi masamba.

Zimphona za mu Africa zija zinayamba kusowa cha m'ma zaka 1.5 miliyoni zapitazo. Nyengo inali kuuma ndi kusinthasintha, nkhalango za m'mbali mwa mitsinje zikuchepa, udzu ukufalikira, ndipo pansi panali podzaza ndi agwape ndi anyani odya udzu a mtundu wa Theropithecus. Amene anapulumuka ndi ang'onoang'ono a m'mitengo. Ku Asbole ku Ethiopia, m'miyala ya zaka pafupifupi 600,000, colobus wochuluka ndi wa mtundu wa lero uja. Choncho nyani amene timamutcha wodya masamba ndi nthambi imodzi yotsala pa mtengo umene unali ndi nthambi zambiri, ndipo tikamayesa banja lonse potengera iye timakhala ngati tikuyesa mudzi wonse potengera khomo limodzi limene linapulumuka chigumula.

Tiyeneranso kukumbukira kumene mafupawa amachokera. Pafupifupi onse ndi a m'zigwa za nyanja ndi mitsinje, m'mapanga a miyala ya laimu, ndi m'madera amene lero ndi ouma moti nthaka imakokoloka n'kuwaonetsa. Nkhalango zowirira za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, kumene kuli mitundu yambiri ya colobus lero, sizisunga mafupa. Nthaka yake ndi ya asidi, imasungunula fupa lisanasanduke mwala, ndipo nyama ikagwa pansi tizilombo timaimaliza m'masiku ochepa. N'chifukwa chake anyani oyenda pansi amaoneka ochuluka m'mbiri ya mafupa, pamene makolo enieni a colobus ofiira sanasiye pafupifupi chilichonse.

M'nkhalango zoterozo, kumalire a Ghana ndi Côte d'Ivoire, munkakhala colobus wofiira wotchedwa Miss Waldron. Asayansi anamuona komaliza ali moyo mu 1978, ndipo mu 2000 John Oates ndi anzake, atafufuza zaka zingapo m'nkhalango zimene zinatsala pambuyo pa kudula mitengo ndi ulenje, analemba kuti mwina anatha. Patapita nthawi pang'ono, mlenje wina wa kum'mwera chakum'mawa kwa Côte d'Ivoire anaonetsa akatswiri chikopa chake, ndipo anthu akumufunafunabe m'nkhalango ya madambo ya Tanoé. Mesopithecus anasiya zigaza m'dothi lofiira la ku Pikermi zimene zakhala zaka 7 miliyoni. Nthaka ya ku Tanoé singasunge ngakhale dzino limodzi.